Liwu Lomwe Amayi a Beseni Ankaliopa

Apongozi anga kuntchito kwawo amawatchula kuti Amayi a Beseni. Dzinalo linabwera lokha. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akudutsa m'khonde la nyumba yosamalira okalamba atanyamula beseni pachiuno ngati mwana, thaulo paphewa, sopo m'thumba la yunifolomu. Kunyumba ine ndimangoti Amayi. Tsiku lomwe ndinalowa m'banja lawo anandiuza kuti iwo alibe mpongozi, ali ndi ana okhaokha, ndipo kuyambira pomwepo amandinena kuti iwe, n'kumandikalipira ngati wobereka okha. Amuna anga amayendetsa lole ya maulendo ataliatali, moti masabata ambiri m'nyumbamo timatsala awiriwiri.

Ine ndimataipa makalata pa ofesi ya maloya, ndipo ndisabise, Chingerezi chimanditukumula. Mtima wanganso ndi wapachala. Amayi amati ndinabadwa madzi ali pamoto.

Sukulu iwo anasiyira kalasi yachisanu, mayi awo atafa ziwalo mbali imodzi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anali atadziwa kale kutembenuza munthu wamkulu pabedi osamupweteka. Amuna awo atamwalira anapeza ntchito yokolopa panyumba ya okalambayo, ndipo pasanathe miyezi itatu anesi anaona kuti wokolopa uja akalowa m'chipinda, agogo ovuta amasiya kutukwana. Anawalanda chokolopera n'kuwapatsa beseni. Satifiketi analibe, ndipo masiku amenewo panalibe wofunsa za mapepala.

Chaka chatha nyumbayo inagulidwa ndi eni ena. Anabwera ndi makatani atsopano komanso lamulo latsopano: aliyense wokhudza okalamba azilemba yekha lipoti la tsiku m'Chingerezi, ndipo ayambe wakhoza mayeso a Chingerezi cha pantchito. Mwayi ndi uwiri basi. Wolakwa kawiri samuchotsa ntchito ayi, amangomusamutsira kochapira, kuseri kwa khitchini, komwe kuli makina atatu ndi kazenera kamodzi koyang'ana kumpanda. Malipiro ndi omwewo. Anzawo ena anachita kupempha okha kupita kumeneko, ati msana upumeko. Amayi sanafune n'kumva komwe, ndipo chifukwa chake chinali m'chipinda chakumapeto kwa khonde.

M'menemo munkakhala gogo wina yemwe onse ankangoti Amayi Halo. Pautsikana wawo ankagwira ntchito yolumikiza mafoni, kale lija munthu ukafuna kuimbira mnzako unkayamba wadzera mwa iwo. Tsopano zaka zinali zitayandikira makumi asanu ndi anayi, mutu utayamba kusokonekera, ana awo awiri ali kumaiko akutali. Ukagogoda pachitseko ankayankha kuti "Halo?" dzanja lili pakhutu. Kudya ankadya akawadyetsa Amayi okha. Wina akabwera ndi supuni, ankamanga milomo n'kutembenukira kukhoma. Lamlungu, tsiku lomwe Amayi amapuma, anesi ankachita kutuluka thukuta kuti gogoyo amweko ngakhale theka la kapu ya tiyi. N'chifukwa chake Lolemba lililonse Amayi ankalawirira ngati athawa ngozi.

Mayeso oyamba anakalemba osandiuza, ndipo analakwa. Ndinadziwa chifukwa tsiku lina atangofika kunyumba anayamba kukwecha mapoto oyera kale.

"Amayi, mapotowo ndatsuka m'mawa."

"Ndiye ndakutsutsa? Ndikungowonjezera."

Anawonjezera mpaka poto wachitatu, kenako anapukuta m'manja n'kutulutsa pepala lopindapinda m'chikwama. Anapeza mamalikisi makumi anayi ndi anayi, pofunika makumi asanu. Ndinayendetsa chala pamayankho awo. Ambiri sanali oipa kwenikweni, Chingerezi chodukaduka koma chomveka. Pomwe anagwera panali pafunso lalikulu, la mamalikisi khumi. Linkati: The resident declined her tea at ten o'clock. Write what you did next. Amayi analemba kuti anathamangira kwa anesi aakulu, anaimbira achibale kuti abwere msanga, anampukuta gogoyo kumaso, anamuwongola miyendo, kenako anakhala pambali pake atamugwira dzanja.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndikuchita manyazi polemba pano, koma ndinaseka.

"Amayi, munthuyutu wangokana tiyi! Inu mwamuitanira kale abale?"

"Wakana tiyi bwanji? Liwu limenelo ndikulidziwa ine. Dikilaini. Ndalimva zaka zonsezi. Adokotala akatuluka m'chipinda n'kunong'oneza anesi kuti she is declining, ndimadziwa kuti sabata ziwiri sizitha. Sindinaonepo munthu wonenedwa liwu limenelo n'kudzuka."

Phwete linandithera pomwepo. Ine Chingerezi changa ndinachitola m'mabuku, nditakhala padesiki. Chawo anachitola m'khonde, beseni lili m'manja, ndipo liwu lililonse analisunga pamodzi ndi nkhope ya amene analitchula. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima ndi amene anakonza funsolo, ngakhale kunena zoona sanalakwe kanthu.

Loweruka ndinabwera ndi dikishonale ya ku ofesi, yonenepa, yong'ambika chikuto. Tinakhala pathebulo la m'khitchini dzuwa likulowera pazenera, Amayi atavala magalasi awo omangirira ndi ulusi mbali imodzi. Ndinawawerengera matanthauzo. Loyamba, kukana chinthu mwaulemu. Lachiwiri, kuchepa, kutsika, kufooka pang'onopang'ono.

"Ndiye liwu limodzi lomweli likane tiyi, lomwelinso lithetse munthu?"

"Ndi mmene chilili Chingerezi, Amayi."

"Eni akewo anasowa mawu kodi? Buku lonenepa chonchi, n'kumabwerekana liwu limodzi? Mapanga awiri avumbwitsa, mwananga. Ine ndavumbwa kale."

Ndinawapatsa njira yachidule. Ndinati aziyang'ana chimene chili kutsogolo kwa liwulo. Likatsatiridwa ndi chinthu, kaya tiyi, kaya supu, kaya mankhwala, ndiye kuti munthu wakana chinthucho. Likaima lokha popanda kanthu patsogolo, nthawi zambiri ndi lija akulidziwalo. Anagogoda thebulo ndi pensulo.

"Ndamva," anatero. "Likasenza katundu ndi laulemu. Likabwera chimanjamanja ndi la zovuta."

Maloya anga onse atatu sakanalifotokoza bwino kuposa pamenepo. Anafunsanso kuti nanga refuse, lomwe ankalidziwa kale, lasiyana pati ndi limeneli. Ndinati refuse ndi kukana kwa mwana wokankha mbale ndi chigongono, pamene decline ndi kukana kwa mlendo woti zikomo, ndakhuta.

"Basi, Amayi Halo kwa anesi amachita rifyuzi," anatero akuseka. "Kwa ine sanachitepo ngakhale chimodzi."

Tinali ndi masabata asanu ndi limodzi. Ndinadula makatoni a sopo n'kulembapo mawu, ndipo nyumba yonse inasanduka kalasi. Pachitseko cha bafa panali slippery, pa firiji panali appetite, pagalasi panali dizzy. Madzulo aliwonse tikaweruka, tisanaphike, Amayi ankalemba lipoti loyeserera la zomwe zachitika tsikulo m'chipinda chakumapeto, ine n'kumachonga. Koma liwu lomwe analikonda, litasiya kuwaopsa, linali lomwe lija. Anayamba kuliseweretsa m'nyumba monse ngati mwana amene wapeza wenzulo.

"Amayi, lero mbale ndi zanu."

"I decline."

"Amayi, mundibwerekeko mpango wanu wobiriwira uja."

"I decline, mwaulemu wonse."

Mwana wawo, amuna anga aja, ataimba foni ali paulendo n'kuwauza kuti asiye kudzivutitsa, apite kochapira akapume, anamuyankha liwu lomwelo n'kudula foni. Amuna anga anandiimbira ine pambuyo pake kufunsa kuti kodi mayi awo ndawadyetsa chiyani.

Sikuti zonse zinali zoseka. Amayi ankaiwala kuika ed kumapeto kwa mawu, zinthu zadzulo n'kumazilemba ngati zikuchitika lero. Ndinawauza kamodzi, kawiri, kakhumi. Tsiku lina nditatopa ndi za ku ofesi, ndinaona she walk, she ask, she cough mumzere umodzi, ndipo ndinamenya thebulo mpaka supuni zinadumpha.

"Amayi, kodi m'makutumo muli thonje? Tinene kangati?"

Anavula magalasi pang'onopang'ono n'kuwaika pabuku.

"Mwananga, ine ndadyetsa anthu ondilavulira supu kumaso. Wina anandiluma chala ichi, ukuchionachi. Sindinamenyepo thebulo."

Ndinapepesa, iwo anavalanso magalasi n'kuyamba kuika ma ed awo limodzilimodzi, lilime lili panja. Kuchokera tsiku limenelo ndikamva kuti mtima ukukwera, ndinkadzuka kukamwa madzi. Masabata amenewo ndinamwa madzi ambiri.

Kutatsala masiku atatu kuti alembe, anafika kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato. Ndinafunsa ngati akudwala. Anapukusa mutu.

"Andikana."

Anafotokoza kuti masana anapita ndi supu monga mwa masiku onse, anauzira, anayandikitsa supuni. Amayi Halo sanamange milomo, sanatembenukire kukhoma. Anangowagwira pamkono n'kuwayang'ana m'maso, kenako anayankhula Chingerezi choyera, chija cha pafoni: "No, thank you, my dear." Amayi anayesa buledi wonyika mu tiyi, anayesa nthochi yoponda. Yankho linali lomwelo, laulemu wake womwewo. M'mawa mwake zinali choncho, ndipo tsiku lachitatu gogoyo anangomwa madzi pang'ono.

Madzulo a tsiku lachitatulo tinakhala pathebulo monga mwachizolowezi. Amayi analemba mzere woyamba: She declined her soup. Ed analipo, sipelo inali bwinobwino. Ndinati ndiwayamikire, koma ndinaona kuti pensulo yaima m'malere. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anatenga chala chachikulu n'kuphimba mawu awiri akumapetowo, her soup. Anandisunthira kope kuti ndione zotsala.

She declined.

"Eni ake aja sanasowe mawu ayi," anatero motsitsa. "Ankadziwa. Zimayambira pa supu."

Ndinatseka dikishonale n'kukawatenthetsera madzi osamba.

Mayeso anali Lachinayi naini koloko, pakoleji ina kutsidya kwa tauni. Zotsatira zinkatuluka pakatha sabata, ndipo olakwa ankayamba kochapira Lolemba lotsatira. Wosabwera ankawerengedwa kuti walakwa. Amayi anachoka m'mamawa atavala diresi yawo ya kutchalitchi, ati angodzera kuntchito akawaone pang'ono kenako akwere basi. Itangokwana eyiti, foni yanga inalira ku ofesi. Anali anesi aakulu.

"Bwerani mudzawatenge amayi anu. Avala epuloni pamwamba pa diresi, akuti sakupita kulikonse."

Ndinasiya kalata pakati pa chiganizo n'kukwera takisi. Njira yonse ndinkakonza mawu okawalasa nawo. Masabata asanu ndi limodzi, makatoni onse aja, madzi onse ndinamwa aja! Koma nditalowa m'chipinda chakumapeto, mawuwo anabalalika. Kanali koyamba kulowamo. Kachipinda kake n'kakang'ono: bedi lazitsulo m'mbali, mpando umodzi, kabati yokhala ndi chithunzi cha mtsikana wovala zomvera m'makutu patsogolo pa mawaya ambirimbiri. Pabedipo panagona kamunthu kochepa kwambiri, tsitsi lopesedwa bwino, kakupuma mwapatalipatali. Amayi anali pampandopo, akunyowetsa milomo ya gogoyo ndi kathonje.

Anesi aakulu anandinong'oneza pakhomo kuti adokotala ati mwina ndi lero, mwina sabata ziwiri, palibe angadziwe.

"Amayi, nthawi yatha," ndinatero monong'ona.

"Ndamva."

"Ndiye dzukani."

"Ndichoke, ndikabwere ndipeze apita? Ndikhale ndikulemba za munthu wa papepala, weniweni akutsirizika yekha?"

"Nanga akakhala kuti sapita lero? Mukapanda kulemba, akuchotsani muno. Adzakhala akuyembekeza inu, pakhomo n'kumalowa anthu ena. Inu mudzakhala kuseri kwa khitchini mukupinda mathaulo. Mukufuna zimenezo?"

Anapitiriza kunyowetsa milomo ya gogoyo ndi kathonje. Apa ndinawaonera kuti agwira njakata zenizeni: kuti atsale m'chipindacho anayenera kutulukamo, ndipo panalibe munthu wowalonjeza kanthu. Ndinamva mantha, chifukwa ndinadziwa kuti zikavuta iwo ali kumayeso, sadzandikalipira n'komwe, ndipo kusandikalipirako ndi kumene sindikanakupirira.

"Ndikhala ine," ndinatero.

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato zanga zazitali.

"Iwe? Ndi mtima wakowo?"

"Ndiphunzitseni. Mwatsala ndi mphindi zisanu."

Anadzuka n'kundikhazika pampando wawo, wofunda kale. Anandionetsa mwachangu. Dzanja logwira ndi lamanzere, lamanja limawawa. Thonje ulinyike, ulifinye, upake pamilomo, osathira madzi m'kamwa. Akabuula usathamange, uyambe waona ngati pilo watsetsereka. Akati halo, uyankhe halo, osawonjeza nzeru zako. Anavula epuloni n'kundiveka ine, anawerama n'kunena kanthu m'khutu la gogoyo, kenako anatuluka osacheuka. Takisi ija inali ikudikirabe panja.

Ndinakhala pamenepo maola atatu ndi theka. Sindinadziwe kuti ola ndi lalitali chotere. Ndinkawerenga mpweya wa gogoyo, ndipo ukachedwa, wanganso unkaima. Nthawi ina anatsegula maso, anati "Halo?" ndi kamawu kakang'ono. Ndinayankha halo. Anandiyang'anitsitsa, anaona kuti si ine amene amafuna, ndipo anatembenuza nkhope pang'onopang'ono kuyang'ana kukhoma. Dzanja lokha sanalichotse. Ine wodziwa Chingerezi ndinalira mwakachetechete, mamina n'kumapukutira paphewa chifukwa manja onse anali pantchito.

Itadutsa thwelofu ndinamva mapazi akuthamanga m'khonde. Amayi analowa ali wefuwefu, nsapato imodzi ili m'manja. Sanandifunse kanthu. Anayang'ana pachifuwa pa gogoyo, anaona chofunda chikukwera n'kutsika, ndipo anakhala pansi penipeni, pasimenti, ndi diresi ya kutchalitchi.

"Zayenda bwanji?" ndinafunsa atapezako mpweya.

"Liwu lako lija silinabwere n'komwe. Kunabwera za munthu woterereka kubafa."

Tinaseka tonse, mogwira pakamwa. Kenako anandithamangitsa pampando, ati pilo ndamuika molakwika.

Sabata yodikira zotsatira Amayi sankadya bwino, ndipo nawonso ndinayamba kuwanyengerera ndi nthochi. Lachinayi lotsatira anesi aakulu anawaitanira ku ofesi. Anapeza makumi asanu ndi atatu. Anakhoza mokwawa, koma anakhoza. Anabwera ndi kabaji katsopano kapulasitiki kovala pachifuwa, anakaponya pathebulo ngati kopanda ntchito, koma m'mawa ndinawapeza akukapukuta ndi ngodya ya thaulo. Lolemba anzawo awiri omwe analakwa anayamba kochapira. Amayi analowa m'chipinda chakumapeto nthawi yawo ya masiku onse.

Amayi Halo anamwalira Lachitatu la sabata yomweyo, cha m'ma fili koloko masana. Lipoti lomaliza analemba Amayi ndi dzanja lawo, m'buku lalikulu la anesi. Madzulo atafika kunyumba anavula nsapato pakhomo, anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anabwera kudzakhala nane pathebulo. Maso anali ofiira koma nkhope inali yodekha. Ndinafunsa zomwe analemba.

"Zochepa. Kuti anamwa madzi masupuni awiri m'mawa. Kuti anagona. Nthawi yake. Ndi kuti ndinalipo."

"Chingerezi chinakwana?"

"Chinakwana."

Panja ana a oyandikana nawo ankaitanidwa kuti akasambe. Amayi anayamba kusalaza nsalu ya pathebulo ndi chikhatho, uku ndi uku, ngakhale inalibe khwinya.

"Ukudziwa mmene a kochapira amamvera kuti munthu wapita?" anafunsa. "Palibe amawauza. Amangoona zofunda za chipinda chimodzi zabwera zonse pamodzi, mapilo, mabulangete, ndi makatani omwe, zitamangidwa mtolo umodzi. Amayang'ana nambala pa kansalu, basi adziwa. Ndikanalakwa mayeso aja, ndikanamva choncho, mwananga. Pa kansalu."

Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Koma ndayalula ndekha bedi lija. Ndamanga ndekha mtolo, ndausenza mpaka kuseri kwa khitchini. Anzanga aja atafuna kuyang'ana nambala, ndinati ayi, musayang'ane, khalani pansi ndikuuzeni bwinobwino mmene apitira."